Madamu Walembandani ndi Chikwangwani cha pa Khomo

Dzina lawo lenileni linali m'mapepala a boma, koma pa sukulu ya sekondale imene anaphunzitsapo mpaka kumera imvi, aliyense ankangoti Madamu Walembandani. Anawapatsa dzinali ndi ana a sukulu. Ukawabweretsera nkhani iliyonse, kaya ya m'buku, kaya ya m'nyuzipepala, kaya mphekesera yoti mphunzitsi wa masamu akukwatira, iwo ankatsitsa magalasi pamphuno n'kufunsa kuti, "Walemba ndani?" Ankaphunzitsa mbiri yakale. Anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mwana yekha m'nyumba, ndipo zala zawo zinkakhala zotuwa ndi choko ngakhale Lamlungu.

Anabadwa pa nthawi imene zikwangwani zosankha anthu chifukwa cha khungu zinali zitangozulidwa kumene m'tauni yawo. Iwo sanazione. Chimene anaona ndi mayi awo. Mayi awowo anali wochapa pa chipatala chachikulu cha m'tauni kuyambira ali mtsikana. M'masiku a atsamunda chipatalacho chinali ndi mbali ziwiri, ya azungu ndi ya anthu akuda, ndipo nsalu za pabedi za mbali ziwirizi sizinkakumana ngakhale m'madzi. Mabafa anali osiyana, zingwe zoyanikapo zinali zosiyana, koma manja ochapa anali omwewo. Zimenezi mayi awo anazinena kamodzi kokha, akusita, ndipo anazinena ngati munthu amene akukamba za mvula ya dzulo.

Chimene chinkawachititsa manyazi Madamu ali kamtsikana chinali ulendo wa ku positi ofesi. Khomo lalikulu linali lotsegukira aliyense, anthu akuda akulowa ndi kutuluka, ena atavala zigamba. Koma mayi awo ankazungulira kumbali, n'kukaima pa kazenera kakang'ono koyang'ana ku ngalande, kumene anthu akuda ankathandizidwira kale.

"Amayi, tiyeni tilowe. Anthu onse akulowa."

"Lowa iwe. Ine miyendo inazolowera kuno."

Kalaliki wa m'katimo ankawadziwa, ndipo ankabwera pa kazenerako n'kuwathandiza popanda kufunsa kanthu. Mwanayo ankaima chapatali, kuyang'ana kwina, kuti anzake asadziwe kuti ndi mayi ake.

Madamu sukulu inawakonda. Anapita ku koleji ya aphunzitsi, n'kubwerera m'tauni yomweyo ndi sutikesi yodzaza mabuku. Anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa, wokonda nthabwala zonena osaseka, ndipo anabereka ana aakazi okhaokha. Zaka zoyambirira ankaphunzitsa monga momwe iwo anaphunzitsidwira. Ankaima pa bolodi n'kulemba zifukwa zimene anthu akuda anayambira kukana tsankho, ana n'kukopera. Ankalemba zotsatira zake, ana n'kukoperanso. Ana ankaloweza, mayeso ankakhoza, ahedi ankawayamikira pa msonkhano wa makolo. Panalibe wodandaula.

Chaka chimene mayi awo anamwalira, mtsikana wina wa kumbuyo kwa kalasi anakweza dzanja Madamu ali pakati polemba.

"Madamu, pepani, koma zimenezi zinachitikadi? Kapena n'zongolembera mayeso?"

Sanafunse mwamwano. Ankafunadi kudziwa. Madamu anaima ndi choko m'manja, n'kuona kuti alibe chomuonetsa mwanayo kupatula buku lomwe iyeyo ankalikayikira. Munthu amene akanamuyankha anali atangoikidwa m'manda, ndipo ngakhale ali moyo sankafuna kufunsidwa.

Tchuthi chitafika anakwera basi kupita ku mzinda waukulu, ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma. Munali mozizira, monunkha fumbi ndi mankhwala a njenjete. Mapepala ankabwera m'zikwatu zomanga ndi chingwe, ndipo woyang'anira malowo sankalola cholembera cha inki pa tebulo. Madamu anakhala m'menemo tchuthi chonse, akugona kwa mlamu wawo. Anapeza lamulo la khonsolo loletsa anthu akuda kuyenda pakhonde la masitolo. Anapeza kalata ya mzungu wina yodandaula m'nyuzipepala kuti antchito ayamba kuvala nsapato ngati mabwana awo. Anapeza pempho la makalaliki ndi aphunzitsi achikuda, lolembedwa mwaulemu wopweteka, lofunsa chifukwa chimene ana awo sankaloledwa pa sukulu ina. Anapezanso zolemba za mlandu wa telala wina amene anakhala pa benchi ya azungu pa siteshoni ya sitima.

Anafufuzanso za chipatala, kuti mwina aona dzina la mayi awo. Sanalione. Madokotala analembedwa mayina, manesi achizungu analembedwa mayina, ngakhale hatchi ya dokotala wamkulu inali ndi dzina. Ochapa anangolembedwa kuti "akazi ochapa," pamzere umodzi, pakati pa sopo ndi makala. Madamu anatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo kwa kanthawi, kenako anabwerera n'kupempha kuti tsamba limenelonso awajambulire.

Atafika kunyumba ndi mulu wa mapepalawo, amuna awo anawakhomera bokosi lamatabwa lokhala ndi chivundikiro.

"Amake ana, anzanu amawakhomera bokosi atafa. Inu ndakukhomerani muli moyo, musadzanene kuti sindinkakukondani."

Kuyambira chaka chimenecho kalasi yawo inasintha. Ankagawa mapepala ojambulawo m'magulu, ana n'kukankha madesiki kuti ayang'anizane. Chizungu chake chinali chakale ndi cholimba, moti ankathandizana kumasulira mzere ndi mzere. Akamaliza, Madamu ankafunsa mafunso omwewo: Walemba ndani? Akulembera ndani? Akuopa chiyani? Nanga ndani amene akunenedwa m'pepalali koma sakulankhula? Ana amene ankawodzera pa maphunziro ena ankakangana mpaka belu kulira. Ena ankakwiya zenizeni. Ena ankapita kunyumba n'kukafunsa azigogo awo, n'kubwera ndi nkhani zimene makolo awo enieniwo anali asanazimvepo.

Ahedi sankakondwera kwenikweni. Anali munthu wabwino, koma wokonda bata.

"Madamu, tsobola wakale sawawa. Bwanji osangowapatsa manotsi? Silabasi ndi yaitali."

"Ahedi, akanakhala kuti sawawa bwenzi ana akugona m'kalasi mwanga."

Popeza ana ankakhozabe mayeso, ahediwo anawasiya. Ndipo zinayenda bwino kwa zaka zambiri, mpaka inafika kalasi ina ya Fomu 3 imene Madamu saiiwala.

M'kalasi imeneyo munali mnyamata wanzeru kwambiri amene anzake ankamutcha Loya, chifukwa nkhani siinkatha iye asanaikepo mawu omaliza. Phunziro la Madamu ankalikonda kuposa wina aliyense. Agogo ake aamuna anakwapulidwa ndi chikoti pa munda wa mzungu, ndipo iye anaziona yekha zipsera zake powasambitsa atakalamba. Munalinso mtsikana wina wachete, mwana wa makanika wa pa galaja ya pafupi ndi depoti. Anali woyera khungu, watsitsi lofewa, ndipo anzake ankamuitana kuti Mzungu kuyambira ku pulayimale. Iye sankayankha dzinalo, komanso sankalikana. Ankajambula mapu okongola moti Madamu ankawapachika pakhoma.

Tsiku lina Madamu anabweretsa mlandu wa telala uja kuti ana auwerenge mokweza, aliyense mbali yake. Loya analanda mbali ya telala asanafunsidwe. Wina anakhala wapolisi, wina womasulira.

"Nanga jaji akhala ndani?"

"Mzungu! Mzungu!" Kalasi yonse inafuula ikuseka.

Madamu anayang'ana mtsikanayo. Anali kumwetulira pang'ono, monga amachitira munthu amene sakufuna kuoneka wovuta. Nthawi inali itapita, ndipo Madamu anangoti, "Chabwino, bwera kutsogolo." Mtsikanayo anawerenga momveka bwino, monga ankachitira chilichonse.

"Kodi sunaone chikwangwani pamwamba pa benchi?"

"Ndinachiona, bwana," anayankha Loya. "Ndimatha kuwerenga. N'chifukwa chake ndinakhalapo."

"Anthu a mtundu wako ayenera kuphunzitsidwa malo awo," anawerenga mtsikana uja, n'kupereka chilango chimene chinalembedwa pa pepalalo.

Kuseka kunali kutatha. Madamu anatuluka ali wokhutira, akuganiza kuti phunziro lalowa mpaka m'mafupa. Sanaone mmene ana ankamuyang'anira mtsikanayo pobwerera ku desiki yake.

M'mawa mwake anapeza ana ataunjikana pakhomo la kalasi. Pachitseko panali patakhomedwa chidutswa cha katoni, cholembedwa ndi zilembo zazikulu: AZUNGU SALOLEDWA. MAKALADI ALOWERE PA ZENERA. Mwana wa makanika anali ataima pakhonde, atakumbatira chikwama chake pachifuwa, osalowa.

Madamu anadziwa nthawi yomweyo amene analemba. Munthu amene umachonga makope ake sabata ndi sabata sangakubisire dzanja lake. Koma sanatchule dzina. Anazula katoniyo, n'kulamula ana onse kuti alowe. Anaganiza kuti apa papezeka phunziro loposa onse. Anamata katoniyo pa bolodi, pambali pa lamulo la khonsolo lija.

"Lero tili ndi pepala latsopano," anatero. "Tilifunse monga timafunsira ena onse. Walemba ndani? Akulembera ndani? Akuopa chiyani?"

Kenako anafunsa funso lomaliza lija.

"Nanga ndani amene akunenedwa m'pepalali koma sakulankhula?"

Mitu yonse inatembenukira kwa mtsikana uja. Iye anadzuka pang'onopang'ono, n'kutenga chikwama chake, n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Anachitseka bwinobwino, ndipo Madamu anamva nsapato zake zikupita mpaka ku geti.

Mtsikanayo sanabwerenso sabata imeneyo. Loya anaitanidwa ku ofesi, ndipo sanakane.

"Ndimafuna amve mmene agogo anga anamvera," anatero, misozi ili m'maso.

"Ndi iyeyo amene anakwapula agogo ako?" anafunsa Madamu.

"Ayi, Madamu. Koma magazi ake..."

"Mawu amenewo unawamva dzana. Ankawanena ndani, telala kapena jaji?"

Mnyamatayo anaweramitsa mutu. Ahedi anamuimitsa sukulu kwa masiku angapo, ndipo kwa Madamu anangoti, "Ndinanena ine."

Loweruka m'mawa anavala n'kupita ku galaja. Panali ponunkha mafuta ndi mphira wopsa, matayala ataunjikidwa mpaka kudenga, wailesi ikulira pa shelefu. Makanikayo anali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka. Atamva kuti kwabwera aphunzitsi, anatuluka, n'kupukuta manja pa kansanza, n'kuzimitsa wailesi. Anali bambo wamtali, woyera khungu kuposa mwana wawo. Anawakokera Madamu mpando wa galimoto wong'ambika, iwo n'kukhala pa tayala.

"Bambo, ndabwera chifukwa cha mwana."

"Ndamva zonse, aphunzitsi. Za katoniyo sizinandidabwitse. Ana ndi ana, ndipo inenso ndinakulira zomwezo. Chimene chandipweteka ndi choti munaimata pa bolodi."

"Ndinkafuna anzakewo aone kuipa kwake."

"Anaona. Koma anaonera pa mwana wanga. Aphunzitsi, mwana wanga si pepala."

Makanikayo anapitiriza ndi mawu otsika.

"Khungu ili sindinachite kugula. Amayi anga ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu, ali kamtsikana ngati mdzukulu wawoyu. Mimba itaoneka anawathamangitsa. Munthuyo sindinamuonepo, ngakhale chithunzi. Kwa azungu ndinali wakuda, kwa amalume anga ndinali manyazi a pabanja. Amayi anandilera pogulitsa nkhuni. Ndiye lero mdzukulu wawo ndi amene akhale jaji? Pa anthu onse a m'kalasimo?"

"Ndalakwa, bambo. Ndinalakwa kawiri."

"Madzi akatayika sawoleka. Komabe mwachita bwino kubwera. Ena akanatumiza kalata."

Madamu, pokhala mphunzitsi mpaka m'magazi, anafunsa ngati bamboyo angalole kudzafotokoza nkhani imeneyi m'kalasi tsiku lina, poti m'mapepala awo onse munalibe mawu a mayi ngati ameneyo. Makanikayo anapukusa mutu.

"Ayi. Amayi anapita ndi nkhani yawo. Ndakuuzani inu chifukwa mwakhala pa mpando wanga. Si ya kalasi."

Anadzuka, n'kuloza kakhomo ka kumbuyo kwa galaja kolowera kunyumba kwawo. "Ali uko, akuchapa. Kalankhuleni naye nokha. Akafuna kubwerera, sindimuletsa."

Mtsikanayo anali atawerama pa bafa, thovu lili m'mikono. Ataona Madamu anaimirira mwaulemu. Madamu anapepesa mosazungulira, monga mmene munthu amapepesera mnzake wamkulu. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndamva, Madamu," n'kubwerera ku zochapa zake.

Lolemba mtsikanayo anabwera ku sukulu. Loya atabwerera anapepesa pamaso pa ahedi, ndipo dzina loti Mzungu linazimiririka m'kalasimo popanda wolamula. Koma mtsikanayo sanakwezenso dzanja pa phunziro la Madamu, ndipo mapu ake anangokhala olondola, opanda mitundu ija. Atalowa Fomu 4 anasiya mbiri yakale n'kusankha phunziro lina. Akakumana ndi Madamu pakhonde ankapereka moni bwinobwino, n'kupitirira. Anakhoza mayeso ake, n'kukaphunzira zoyeza malo, ndipo akuti masiku ano amagwira ntchito kutali. Kwa Madamu sanabwerepo, ndipo iwo sanayembekezere kuti abwera.

Kunyumba, masiku amenewo, Madamu anakankhira bokosi lija pansi pa bedi n'kubwerera ku manotsi. Ahedi mtima wawo unakhala pansi. Koma amuna awo anaona kuti akudya pang'ono komanso asiya kukamba za ana a sukulu.

"Amake ana, ine ndinadzidulapo chala ndi sowo, mukuchiona ichi. Kodi ndinataya sowoyo?"

"Chala chinali chanu, bambo. Ine ndadula cha mwana wa mwini."

Kalipentalayo sanayesenso nthabwala. Teremu imeneyo inatha bokosi lili pansi pa bedi.

Analitulutsa chaka chotsatira, ataona ana atsopano akukopera manotsi maso ali gwa, mitu ili kwina. Koma anasintha kachitidwe. Sanagawenso mbali kwa munthu mmodzi. Mawu a jaji ankawawerenga kalasi yonse pamodzi, iwonso momwemo, kuti aliyense amve mmene amakomera m'kamwa. Mawu a telala nawonso ankawawerenga onse. Ndipo asanatulutse pepala lililonse, ankathera masabata oyamba akuphunzira ana awo: uyu akuleredwa ndi ndani, uyu amasekedwa chifukwa cha chiyani, uyu bwanji amakhala yekha pa buleki. Ana ankadabwa kuti Madamu a mbiri yakale akufunsiranji za kunyumba. Anzawo a m'chipinda cha aphunzitsi ankawaseka kuti asanduka nesi. Iwo ankangoseka nawo.

Loya sanakhale loya. Ndi mphunzitsi wa pulayimale ku dera lina, ndipo akabwera m'tauni amafika kudzawaona. Amakamba za kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi kusowa kwa madesiki. Za katoni ija sanaikambepo, iye kapena iwo.

Madamu anapuma pa ntchito maso atayamba kuchita nkhungu. Amuna awo anatsogola, ndipo tsopano amakhala ndi mwana wawo wachiwiri m'kanyumba ka kuseri kwa msika wa matabwa. Amaweta nkhuku zochepa, ndipo amakangana ndi adzukulu awo pa nkhani ya kulira kwa foni. Akamayenda mumsewu, azibambo a mimba zawo ndi azimayi a ana kumsana amawaimitsa n'kuti, "Madamu, mwandiiwala?" Iwo amagwira dzanja la munthuyo, n'kumuuza kuti alankhulenso, chifukwa mawu ndi amene amawakumbukira.

Mphunzitsi amene analowa m'malo mwawo ndi mayi wachitsikana, wotentha magazi, ndipo amabwera kawirikawiri akaweruka. Tsiku lina anafika atakhumudwa. Anakhala pa mpando wa pakhonde n'kuvula nsapato.

"Amayi, lero ndalephera. Ndawawerengera pempho la makalaliki lija, ndiye nditamaliza onse anangoti duu. Ndafunsa funso, palibe woyankha. Ndinachita kuyamba kufotokoza ndekha mpaka belu."

"Unadikira nthawi yaitali bwanji usanayambe kufotokoza?"

"Pang'ono. Ndinkaopa kuti sanamve."

"Anamva. Akanapanda kumva bwenzi akusokosera. Mawa ukawerenge kachiwiri, ukakhale pansi, manja ukawapinde. Pakhala wina amene alankhule, ndipo sakhala amene ukumuganizirayo."

"Nanga akapanda kulankhula mpaka belu?"

"Ndiye kuti belu lalira. Ubwerenso mkuja."

Mphunzitsi wachitsikanayo anaseka, n'kuyamba kuvala nsapato. Madamu anamuuza kuti asanapite awathandize kulowetsa nkhuku, poti mitambo inali itada kumadzulo ndipo iwo sankaonanso bwino kuti kamwanapiye kopunduka mwendo kabisala pati.